Chimene a Kochi Ankamvetsera

Tangoganizirani: kodi mphunzitsi wa basiketibolo angamamvetsere chiyani pamene osewera ake onse agona chagada pansi, holo yonse ili zii?

Pa koleji ina yaing'ono, ya ophunzira amene m'mawa amakhala ali ku maganyu, masana m'kalasi, panali a Kochi amene anachita imvi ali pa ntchito yomweyo. Pa unyamata wawo ankasewera mogometsa, mpaka bondo linawakana. Mayunivesite aakulu anawaitanapo, iwo osapita. Zikho anali nazo zochepa, zafumbi, pamwamba pa kabati. Koma chimene ankadziwika nacho chinali china.

Masewera oyeserera akafika pachimake, thukuta lili kamukamu, ankaimba wezulo, aliyense n'kugona pomwe waimapo. Ankathimitsa mafani, n'kutseka zitseko. Kenaka ankavula nsapato n'kumayenda ndi masokosi pakati pa anyamatawo, maso atatsinzina, mutu atapendeketsa. Nthawi zina ankaima kumutu kwa wina. Amene amuimira kangapo, posakhalitsa jezi yake inkapezeka pa msomali wa mu ofesi, mwini wake osaonekanso. Palibe amene anabwerako kudzafotokoza.

Mnyamata wamtali kuposa onse ankamutcha Mlongoti. Ankakhala ndi achemwali ake osoka zovala, amene anamulera. M'mawa ankasenza matumba ku nyumba yosungira katundu, ndipo njira yochokera ku matumbako inali imodzi yokha: Loweruka kunkabwera mkulu wa ku yunivesite yaikulu kudzasankha wosewera woti akaphunzire kumeneko.

Lachitatu wezulo inalira, onse gone. Nyerere, kamnyamata kakafupi kosatha nthabwala, ananong'ona: "Mlongoti, dzichepetseko. Lero akusankha wonona."

Mlongoti anafuna kuseka, koma anamva thabwa likulira pafupi ndi khutu lake. Masokosi aja anaima. Dzuwa lolowera pa mawindo a m'mwamba linaphimbika, mthunzi n'kumugwera kumaso. Anayesa kugwira mpweya kuti asamveke, koma chifuwa chinamukana. A Kochi anaima pamenepo nthawi yaitali. Aka sikanali koyamba.

Anzake atatuluka, a Kochi anamuitana.

"Loweruka sulowa. Ubwere ndi achemwali ako."

"Ndalakwanji, a Kochi? Ndani pano amagoletsa kuposa ine?"

"Palibe."

"Nanga bwanji?"

"Nkhaniyi si ine woyenera kuiyamba, mwana wanga. Ubwere nawo basi."

Loweruka holo inadzaza. Mlongoti anakhala pa benchi atavala malaya wamba, mawondo atafika pachibwano. Anaona mkulu wa ku yunivesite uja akumuyang'ana kamodzi, n'kufunsa kanthu kwa a Kochi, iwo n'kupukusa mutu. Masewera atatha, mkuluyo anagwira chanza mnyamata wa timu inayo. Mtima wa Mlongoti unawawa, ndipo anaganiza kuti zonena anthu zija n'zoona: madalawa amadya tsogolo la ana a eni.

Anthu anatuluka, n'kutsala atatu. Achemwali anaima pakati pa bwalo, chikwama atachikumbatira.

"Bambo, mwana uyu ndalera ndine," anatero. "Mwamutsekera khomo anthu akuona. Mundiuze chifukwa, apo ayi sindichoka."

A Kochi anaponyera Mlongoti mpira. "Thamanga nawo uku ndi uku. Ndilondola pambali pako."

Mlongoti anathamanga mwaukali, nsapato zikulira m'holo yopanda anthu, ndipo nkhalambayo inkatsimphina pambali pake. Wezulo italira, anagona onse awiri, mnyamata ndi nkhalamba, moyandikana.

"Mayi, gwadani pakati pathu," anatero a Kochi. "Musalankhule. Tsinzinani."

Achemwali anagwada monyinyirika. Kunja galimoto yomaliza inachoka. Mlongoti ankayang'ana zitsulo za kudenga, akumva a Kochi akupuma mwaphuma, kenaka pang'onopang'ono, kenaka osamvekanso. M'holo monse munatsala phokoso limodzi, lokhadzula ngati macheka osathwa. Anadabwa kuti likuchokera kuti. Ataona nkhope ya achemwali ake itaweramira pa iye, anadziwa kuti likuchokera m'chifuwa mwake.

"Mlongo wanga, zinayamba liti zimenezi?"

"Ndi kutopa chabe, achemwali. Matumba aja."

"Dzuka," anatero achemwali. "Dzuka. Pang'onopang'ono, usafulumire. Tikupita kuchipatala."

Mlongoti sanasewerenso. Madokotala anamuuza kuti akanapitiriza kuthamanga motero, tsiku lina akanagwa pabwalo osadzukanso. Jezi yake inapita pa msomali, ndipo Nyerere atamufunsa pa msewu, anangoti watanganidwa.

A Kochi ankamvetsera mpweya. Wa anyamata athanzi unkatsikira pamodzi n'kukhala bata; wa amene mtima wake ukudwala unkatsala wokha.