Mphira wa pa Chitseko

Mayi ankayanika zovala pamene foni inalira. Anali mphunzitsi wa gule, kuwauza kuti mwana wawo wamkazi waguluka phewa, ali kuchipatala.

Gule wakeyo amavinira pa chitsulo choimika kuchokera pansi mpaka kudenga. Wovina amakwera n'kumazungulira, nthawi zina mutu uli pansi, thupi lonse litalendewera pa dzanja limodzi. Mayi sankamukonda guleyo. Anzawo a kutchalitchi akafunsa, ankangoti mwana amachita zolimbitsa thupi.

Anamupeza pa benchi, mkono uli m'nsalu yokoleka m'khosi. Mphunzitsi anali atamufunditsa juzi yake, ndipo ankamumwetsa madzi.

"Kambalame aka kafuna kuuluka kasanamere nthenga," anatero mphunzitsi, pofuna kuwaseketsa. Sanaseke.

Kenaka mphunzitsiyo anafotokoza kuti anamupatsa mtsikanayo mphira wautali woti azimanga pa chitseko n'kumakoka m'mawa uliwonse, pang'onopang'ono, chigongono chili m'nthiti, mpaka minofu ya kuseri kwa phewa italimba. Popanda zimenezo, chitsulo sichikhululuka.

"Iwe, unkakoka koma?" anafunsa mphunzitsi.

"Unatayika," anayankha mtsikanayo, maso ali pansi.

Mwezi wathawo paipi ya pansi pa sinki inkadontha. Zomangira zina zinalipo m'nyumba, koma Mayi anamasula mphirawo pa chitseko, akudziwa bwino ntchito yake, n'kuuduladula ndi sizasi. Mwana anawapeza akumanga. Anangotenga chikolopa n'kupukuta madziwo.

Dokotala anati mkono usakwezedwe kwa masabata asanu ndi limodzi, ndipo phewa likaguluka kamodzi limatha kubwereza. Mtsikanayo atafunsa ngati adzakwerenso chitsulo, dokotala anati sangalonjeze.

Kunyumba mtsikanayo analephera kuvula bulauzi. Mayi anamumasula mabatani, natulutsa mkono wabwino kaye, wovulalawo pambuyo. Anayesa kupemphera chamumtima, koma ankangofika pa "Ambuye" n'kuima.

"Bwanji sunawauze aphunzitsi ako zoona?"

"Akanakuonani bwanji, amayi?"

Mayi anakhala pa bedi, bulauzi ili m'manja. Analibe choti n'kubwezera phewalo m'mene linalili.

"Mwana wanga, mphira uja sindinaudule chifukwa cha paipi. Ndinkachita nawe manyazi. Ndakulakwira, undikhululukire."