Mwatero ndi Njinga Khumi ndi Imodzi

Loweruka pa 27 Julayi 2024, galu wa Mayi Leticia Mvula, dzina lake Mwatero, anakhala pansi njinga khumi ndi imodzi zikumudutsa pamphuno, ndipo sanathamangitse ngakhale imodzi.

Nkhaniyi inayamba pa 3 Juni. Mwatero anapulumuka pageti n'kugwetsa a Jethro Sakala, mkulu wa mpingo amene amabwera ndi mkaka panjinga kuchokera ku Chiparamba. Mkaka unatayikira m'ngalande, bondo linasupuka. Inali njinga yachinayi imene galuyo anagwetsa chaka chimenecho. A Sakala sanakalipe. Anangoti galuyo akapanda kusintha pofika pa 31 Julayi, akamunenera kukhonsolo kuti aphedwe. Mwatero anali wa malemu a Mvula, ndipo pakhomopo panatsala iye ndi mayiwo basi.

Mayi Mvula anayendera masukulu zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi asanapume pantchito. Atamva kuti mu Chipata muli anthu awiri ophunzitsa agalu m'magulu, anachita zimene ankadziwa. Anatenga kope, anapita osachenjeza, n'kukakhala kumbuyo.

Pa 8 Juni anali kwa Boyd, amene kale anali mlonda. Anawerenga agalu khumi ndi anayi omangidwa ku mipanda, ndodo imodzi, eni agalu palibe.

"Amayi, mungondisiyira," anatero Boyd. "Milungu iwiri yokha. Wakuba akangoponda pakhomo, thalauza yatsala pomwepo."

"Kung'amba mathalauza amadziwa kale, bambo. Makadi a katemera wa agaluwa ali kuti?"

Boyd anaseka. Mayi Mvula analemba kuti makadi palibe.

Pa 15 Juni anapita kwa Sesiliya Nyirenda, pabwalo lampira kuseri kwa tchalitchi china. Agalu anali asanu, aliyense ndi mwini wake, mwini aliyense ali ndi kapenta m'thumba. Ndodo sanaione. Asanatsegule n'komwe kope, Sesiliya anawaitana.

"Amayi, kuno kulibe benchi yakumbuyo. Khadi la katemera mwabwera nalo? Nanga masana galu wanu amakhala pati?"

"M'bokosi lamatabwa, ngati agalu onse. Malemu amuna anga ankati akamaona anthu masana sakhala waukali."

"Ndiye wakhaladi waukali. Mukudandaulanso chiyani?"

Eni agalu aja anaseka. Mayi Mvula sanaseke, koma analembetsa tsiku lomwelo. Pofika madzulo bokosi linali litasanduka nkhuni.

Maphunziro anayamba pa 22 Juni. Njinga inkadutsa patali, galu akangoiyang'ana osadumpha ankalandira kapenta, kenako njinga inkayandikira pang'ono. Pa 6 Julayi Mwatero anawakoka n'kuwagwetsa pafumbi pamaso pa gulu lonse.

"Mwafulumira kuyandikira," anatero Sesiliya. "Wolakwa si iye. Bwererani mapazi khumi, aphunzitsi."

Anabwerera. M'mawa uliwonse ankaima naye pamsewu wopita kumsika, akulemba m'kope njinga zodutsa ndi zimene wauwa. Pa 8 Julayi anauwa makumi awiri ndi zitatu. Pa 22 Julayi anauwa ziwiri.

Tsiku lomaliza la maphunziro, pa 27 Julayi paja, Mayi Mvula anaitana a Sakala kuti adzaone okha. Anabwera ndi njinga yawo yomwe ija, zigubu zikugogoda kumbuyo. Anyamata khumi a njinga zonyamula anthu anadutsa motsatana, akuliza mabelu mwadala. Kenako inafika nthawi ya a Sakala.

"Amayi, chingwecho mwachigwiritsa?"

"Yendetsani, a mkulu. Bondo linalo lili m'manja mwanga."

Anadutsa pafupi kwambiri moti tayala linatsala pang'ono kukhudza mchira. Mwatero ananunkhiza mphepo ya mkaka, n'kutembenukira kuthumba la kapenta.

Bwalo lonse linaomba m'manja. A Sakala anatsika, anavula chipewa, n'kunena pamaso pa onse kuti kukhonsolo sapitanso. Mayi Mvula analemba nthawi yake: 10:42.

Pobwerera kunyumba, njinga yamoto inawadutsa pamphambano. Mwatero anaimika makutu ndipo chingwe chinakungika. Njinga zamoto sanayesedwepo nazo.