Kabokosi ka Kuphiri pa Tsiku la Ukwati

Foni inalira a Nthambo akulimbana ndi tayi m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, mosungira mipando yothyoka ndi ng'oma yakale ya kwaya. Dzina la Nthamboli anawapatsa ndi anzawo a kuntchito, poti moyo wawo wonse unathera pa kulumikiza nthambo za intaneti. Woimba foniyo anali bwana wawo. Akuti makina oyeza nyengo a pamwamba pa phiri, kumene sikukhala munthu ngakhale mlonda, anali atasiya kutumiza chilichonse ku ofesi.

Phiri limenelo linawadyera zambiri a Nthambo. Linawadyera ubatizo wa mwana wawo wamkazi, linadzawadyeranso tsiku lomwe mwanayo ankalandira digiri. Likangoti zii, iwo ankanyamula chikwama, ulendo wa tsiku lathunthu pa msewu wokumbika, kukangopeza kuti chofunika n'kuzimitsa makina ndi kuyatsanso basi. Tsopano mwana yemweyo ankakwatiwa tsiku limeneli, ndipo anali atawauziratu maso ali gwa kuti akapanda kumuperekeza kuguwa, asadzamutchulenso mwana wawo.

Koma ulendo uno a Nthambo anayankha bwana uku akuseka. Mwezi wathawo anali ataika kuphiriko kabokosi kokhala ndi simukhadi yakeyake. Nthambo yaikulu ikaduka kapena makina akauma, kabokosiko kankawatsegulira khomo lakuseri kudzera pa netiweki ya mafoni, iwo n'kulowa ali chikhalire.

Anaika laputopu pa ng'oma, n'kuitana alamu awo kuti adzaone zodabwitsa. Alamuwo anali okonza njinga zamoto, munthu wosakhulupirira chinthu chomwe sangachigogode ndi sipanala. Anabwera akukoka miyendo, koma zilembo zobiriwira zitayamba kutsetsereka pa laputopu anasolola khosi.

"Ndalowa, alamu! Ndili pamwamba pa phiri ndi nsapato za ukwati!"

Vutolo silinachedwe kuoneka. Makina ogawa intaneti anali atangouma, monga mwa nthawi zonse. A Nthambo anawazimitsa, kuwayatsanso, ndipo posakhalitsa bwana anatumiza uthenga woti manambala a mphepo ndi mvula ayambanso kufika. A Nthambo, bambo wamkulu wa imvi zake, anavina mozungulira ng'oma tayi ili paphewa. Anakumbatira alamu, anakumbatira ngakhale azakhali a mkwatibwi omwe anangolowa kudzafuna mapini.

Munthu wanzeru akanatseka laputopu pomwepo. Koma chimwemwe chimaledzeretsa kuposa mowa, ndipo alamu anali atafunsa mwachipongwe ngati kabokosiko kangathenso kuzimitsa magetsi kuphiriko. Funso lake limenelo? A Nthambo anazimitsa fani, n'kuyatsanso. Anazimitsa getsi la pakhomo, n'kuyatsanso. Azakhali anaomba m'manja ngakhale sankaona chilichonse. Pofuna kuwamaliza onse, a Nthambo anadina pozimitsira masoketi onse a magetsi nthawi imodzi.

Zilembo zija zinaima. Anadina poyatsira, koma kunalibe wowayankha. Apa m'pamene anakumbukira kuti kabokosi kawo nako anakalumikiza ku masoketi omwewo, ndi manja awo omwe, akudziuza kuti adzakapatsa batire yake ulendo wina. Anali atadzitsekera panja, phiri lonse lili mumdima.

Alamu anaseka mpaka kukhala pansi. A Nthambo sanaseke. M'tchalitchi limba linali litayamba, ndipo dzanja lawo, mwa chizolowezi chake choipa, linali litagwira kale makiyi a galimoto m'thumba. Foni inaliranso. Bwana ankafuna kudziwa chifukwa chake manambala aimanso, komanso kuti a Nthambo anyamuka nthawi yanji.

Mkwatibwi anali ataima pakhomo, maluwa ali m'manja. Anangoyang'ana thumba lomwe munali makiyi, nkhope ili ya munthu amene akudziwa kale yankho.

A Nthambo anatulutsa makiyiwo n'kuwaponyera alamu. Kenako anasuzumira pawindo.

"Bwana, nyengo ya lero ndikuiona ndekha pano. Kuli dzuwa, mphepo ndi yochepa. Kuphiri ndipita mawa."

Anazimitsa foni bwana asanayankhe. Chiyambire ntchito anali asanakanepo chilichonse, koma kunali kukoma moti anayamba kuseka okha, misozi ili mbwembwembwe. Mwana wawo anawakonza tayi, n'kulowetsa mkono wake mu wawo.

"Ababa, ndavala nsapato zophwatalala, ndazibisa pansi pa diresi," anawanong'oneza. "Ndimati mukathawa, ndikuthamangitsani."

Analowa m'tchalitchi onse awiri akuseka, mpaka abusa anachita kuwadikira kuti amalize.