Mikanda M'beseni la Sitachi

Chaka chimene fakitale ya nsalu inatsekedwa, azakhali ake a Elesi anayamba kugulitsa salaula, zovala zovalidwa kale, pamsika wa ku Mtendere. Ntchito ya Elesi inali kusungunula sitachi ya chinangwa kuti malaya akalewo aziuma gwa ngati atsopano.

Mkati mwa bulauzi Elesi ankavala chinsinsi chake: mikanda yachitsulo imene anamupatsa Goliati, wokonza njinga wa pamsika. Azakhaliwo anali atachenjeza kale kuti akadzangomva za chibwenzi chamseri, adzamukweza basi yobwerera kumudzi ku Katete.

M'mawa wina akuwerama pabeseni, ulusi unaduka. Mikanda yonse inagwera m'sitachi yaiwisi n'kuyamba kumira. Elesi anapisa dzanja mwaliwiro, koma sitachiyo inalimba ngati simenti. Atafooketsa dzanja, inafewa n'kumeza zala zake.

"Iwe Elesi!" anakuwa azakhali kuseri kwa nyumba. "Wagona mu beseni? Madzi yawila!"

"Nibwela, ba anti!"

Kutola umodziumodzi kukanamuchedwetsa. Anathamangira m'nyumba, n'kuzula maginito pa sipika ya wailesi yakufa. Beseni linali lapulasitiki yopyapyala, moti atalikweza pa njerwa n'kusuzumira kunsi, timadontho takuda tinkaoneka. Anagunditsa maginito pamenepo, n'kukoka.

Mkanda umodzi unatsatira pang'ono, kenaka unatitimira. Elesi sanatekeseke. Anazunguliza maginito mofatsa mpaka mikanda ina inayandikirana. Apo inandandalika yokha ngati linthumbu. Wakutsogolo unkang'amba njira, inzake n'kudutsa sitachi isanatseke, ndipo mzerewo ukamatalika unkayendanso msanga. Yotsalira m'mbali inkapatuka n'kulowa mumzere. Elesi anaukweza m'khoma la beseni mpaka unatulukira pamwamba, woyera mbee.

"Ni vichani ivo?"

Azakhali anali ataima kumbuyo kwake, ketulo ili m'manja. Thumba la siketi linali pafupi, koma Elesi sanabise. Anatsukuluza mikandayo n'kutambasula chikhatho.

"Banipatsa ba Goliati."

"Wa manjinga uja? Wamafuta mpaka m'makutu?"

"Bamene abo. Nalema kubisa, ba anti."

Azakhali anatula ketulo pansi. Anatola mkanda umodzi, anauyang'ana padzuwa, kenaka anayang'ana Elesi nthawi yaitali. Elesi sanaphethire.

"Ukamuuze atume ankhoswe pa Sabata," anatero azakhaliwo pomaliza. "Koma akayambe wasamba. Manje sendera uko, nithile madzi."