Nsomba ya ku Mangalande Inali ndi Dzina

Amuna anga a Kalilu anabwerako ku Mangalande nthawi isanakwane, ndipo dzuwa lisanapendeke Liwaladzi yense anali atamva. Boma linawatumiza kukaphunzira zoweta nsomba m'mayiwe, poti iwo anali mlangizi wa asodzi kuno. Tinkawayembekezera mvula ikagwa. Iwo anatsika basi kunja kukadali gwa, atanyamula sutikesi yomwe anapita nayo, opanda ndi kansalu komwe ka mwana wathu Madina.

Masiku amenewo munthu wobwezedwa kunja sankamufunsa kuti wayenda bwanji. Ankamufunsa kuti wakalankhulako chiyani za boma. Mphunzitsi wina wa ku Dwambazi anabwerako choncho, achipani anamutenga, ndipo mkazi wake anamera imvi akuyang'ana kumsewu. Ndiye ine nditangotseka chitseko cha mpanda, madzi akumwa ndisanawapatse n'komwe, ndinawafunsa.

"Bambo a Madina, mwakalakwa chiyani?"

"Ndinapha nsomba," anatero.

Ndinawayang'ana. Msodzi mwana wa msodzi, kubwezedwa pandege chifukwa chopha nsomba. Ndinawauza kuti ngati akufuna zoseka apite kudoko.

Anakhala pamkeka n'kuyamba kufotokoza. Akuti Loweruka lililonse asukulu ankatenga alendo onse kupita nawo kumidzi kukasangalala. Tsiku lina ankakwera mahatchi, kuzungulira munda n'kubwerera pomwe anayambira. Tsiku lina ankakwera phiri.

"Kukatani kuphiriko?" ndinafunsa.

"Kukwera basi. Mukafika pamwamba muyang'ane uku ndi uku, mutsike."

"Osatola ndi nkhuni zomwe?"

"Nkhuni ayi. Mvula ikukuvumbwani, iwo akusekerera."

Kenako linafika Loweruka lowedza. Anawatengera ku dziwe la mkulu wina wachuma, bwenzi la akuluakulu apasukulupo. Mlendo aliyense anamupatsa mtengo wa mbedza, nyambo ndi kampando, n'kumuuza kuti asangalale. Dzuwa litafika pamutu anzawo onse anapita kukamwa tiyi kuseri kwa mitengo. A Kalilu anatsala, poti msodzi sasiya mbedza m'madzi chifukwa cha tiyi. Apo m'pomwe chinakoka. Akuti inali nsomba ya mamba akuluakulu, yonenepa kuposa kampango aliyense amene anamuonapo pa nyanja yathu ino.

Zimene anachita pamenepo n'zimene bambo awo anawaphunzitsa. Ukawedza pa doko la eni, nsomba yoyamba yaikulu ndi ya mwini doko, ndipo sumupatsa ndi matumbo omwe ngati wamwano. Anati Bismillah, n'kuigogoda pamutu, kuipala, kuitumbula, kuing'amba pamsana bwinobwino. Anathira kamchere kamene anawapatsa kodyera mazira, n'kusonkha moto pambali pa dziwe, kuiwamba mpaka kufiira. Kenako anainyamula ndi manja awiri mpaka pakhonde la mwini dziwe.

"Mkulu uja atatuluka anaiyang'ana nthawi yaitali," anatero a Kalilu. "Kenako anakhala pansi pa masitepe n'kuyamba kulira. Munthu wa imvi, mayi a Madina, kulira mamina onse panja."

"Kulira chiyani?"

"Nsombayo inali ndi dzina. Ankaitcha Doroti. Anaiika m'dziwemo ana ake asanabadwe. Anthu ankachokera kutali kudzaiwedza. Akaigwira aiyeze pasikelo, ajambulitse nayo, aisisite, aibwezere m'madzi."

"Aibwezere kuti?"

"M'madzi. Zonse amabweza. Amawedza tsiku lonse n'kupita kwawo chimanjamanja, kukagula nsomba ina kusitolo."

Ndinagwira pakamwa. Ndinawafunsa ngati asukulu sanawauze zimenezo poyamba. Akuti ayi, kwa eni akewo n'zodziwikiratu, monga ife sitiuza mlendo kuti asasambe m'chitsime. Mawa lake nkhani inali ponseponse m'tauniyo, owedza ena akufuna kuwamenya, ndipo asukulu anangowauza kuti alongedze zinthu zisanaipe.

Ine ndinawakhulupirira. A Kalilu ndi munthu wosadziwa kupeka nkhani, ngakhale ya nthabwala amaiwononga. Koma ndinadziwanso kuti pa Liwaladzi palibe wina amene angaimeze nkhani imeneyi.

Uthenga unabwera Lachinayi. A Sailesi, tcheyamani wa chipani m'dera lathu, ankafuna kuti a Kalilu akafotokozere anthu za ulendo wawo Lachisanu, akatuluka ku mapemphero a Jumaa, pansi pa mango apadoko. Ndinawagwadira amuna angawo pabwalo.

"Mukanene kuti munadwala. Mukati kuzizira kunakulowani m'chifuwa. Aliyense akudziwa kuti kumazizira kumeneko."

"Ndituluke mumzikiti n'kukanama pamaso pa anthu?"

"Inde, mukaname. Mulungu akudziwa kuti muli ndi mwana."

"Sindinabe, sindinanyoze munthu. Ndikanena zimene zinachitika."

Anthu olungama ndi otopetsa, ndikukuuzani. Ndinakwiya mpaka ndinaphwanya mbale dala.

Lachisanu padoko panadzaza. Mabwato onse anali kumtunda, ukonde utayanikidwa, ndipo amayi tinakhala cha kumbuyo pamchenga. A Sailesi anakhala pampando, ayufi awiri achipani a malaya ofiira ataima kumbuyo kwawo. Cha kumsewu kunali Landirova, dalaivala ali momwemo. Landirova siibwera kudzamvera nkhani za ulendo.

A Kalilu anaimirira n'kunena zonse monga anandiuzira ine, osachotsa, osawonjezera. Pa za mahatchi anthu anaseka. Pa za phiri anaseka kwambiri, wina n'kufuula kuti azungu akusowa ntchito tiwabwereke makasu. Atafika powamba nsomba ija, asodzi anagwedeza mitu kuvomereza kuti mwana anakula bwino ameneyu. Koma atanena za dzina, za sikelo, za kubwezera m'madzi, a Sailesi anawadula mawu.

"Mubwerezenso," anatero a Sailesi. "Akaigwira amatani?"

"Amaibwezera m'madzi, a tcheyamani."

"Yamoyo?"

"Yamoyo."

"Kuti mawa adzaigwirenso?"

"Inde."

"Ndiye adye liti?"

"Sadya."

Mayi wina pafupi nane ananong'ona kuti astaghafirullah. A Sailesi anatembenukira kwa bambo anga a Bakari, amene anali msodzi wamkulu pa onse padokopo.

"A Bakari, inu mwakalambira pamadzi. Munamvapo kuti pansi pano pali anthu otere?"

Bambo anayang'ana mpongozi wawo, kenako anayang'ana pansi. Nawonso ndi a mtundu womwewo wosatha kunama.

"Riziki Mulungu akakuikira m'manja sumubwezera," anatero motsitsa. "Ine sindinamvepo."

A Sailesi anadzuka pampando. Sanakweze mawu, ndipo n'chimene chinandiopsa koposa. Anati munthu wamkulu, wophunzira, wotumidwa ndi boma, akapeka nthano ya ana ngati imeneyi ndiye kuti pali chimene akubisa. Anati ku Mangalande kuli zigawenga zothawa m'dziko muno, ndipo a Kalilu akafotokoza bwino kuboma kuti anakumana ndi ndani ndipo anakambirana zotani. Ayufi aja anasuntha. Mmodzi anali atawagwira kale dzanja.

Sindidziwa kuti ndinadutsa bwanji pakati pa amuna onse aja. Ndinangozindikira ndagwada pamaso pa a Sailesi, mchenga ukundiwotcha m'maondo.

"A tcheyamani, pepani, mkazi salankhula pano. Koma ndabisa mokwana. Amuna angawa sali bwino."

"Sali bwino motani?"

"Mutu. Majini a madzi a kumeneko anawalowa. N'chifukwa chake anawabweza. Chibwerereni amalankhula ndi nsomba za m'dengu. Dzulo anatenga usipa m'mbale n'kumaufunsa dzina, umodziumodzi. Ndiwo zanga za dzana anakazitaya m'nyanja, akuti zibwerere kwawo."

Bodza linkangotuluka lokha, ndipo misozi inali yeniyeni. Padoko panamveka phokoso la anthu opuma pamodzi. Amayi anayamba kuti kalanga ine, mwana wabwinobwino. Wina anati anaonadi kuti maso awo asintha chitsikireni basi. Wina anakumbukira kuti amalume awo a Kalilu nawonso ankayankhula okha. Za nsomba yobwezedwa m'madzi palibe anazikhulupirira, koma za majini anazilandira ndi manja awiri.

"Mayi a Madina," anatero a Kalilu. Mawu awo anali ang'onoang'ono. "Mukunena chiyani?"

Sindinawayang'ane. Iwo anatembenukira kwa anthu n'kuyamba kulumbira kuti nsombayo inalipodi, kuti dzina lake linali Doroti, kuti mkulu uja analiradi pa masitepe. Akamalumbira kwambiri, anthu ankagwedeza mitu mwachisoni kwambiri. Myufi uja anawasiya dzanja n'kupukuta lake pa kabudula.

A Sailesi anakhalanso pampando. Anati boma silimanga odwala, ndipite nawo kwa shehe akawawerengere dua. Anatinso akauza akuluakulu kuboma kuti atumize mlangizi wina, poti wodwala mutu sangalangize asodzi. Landirova inabwerera yopanda munthu kumbuyo.

Tinayenda kupita kunyumba, iwo patsogolo, ine pambuyo. Anthu ankapatuka m'njira, ndipo amene m'mawa womwewo ankawavulira chipewa anangoyang'ana kumbali. Ngati wina akuganiza kuti ndinachita manyazi, alakwa. Madina anadya ndi bambo ake tsiku limenelo, ndipo lero lomwe ndikhoza kugwadanso pamchenga womwe uja.

Titalowa kumpanda ndinawabweretsera madzi osamba m'manja. Sanatambasule manja.

"Rahila," anatero. Chikwatirane anali asananditchulepo dzina langa. "Iwenso sunandikhulupirire?"

"Ndinakukhulupirirani. Mawu onse."

Anayang'ana madzi m'beseni.

"Ndiye pa Liwaladzi ponse wodziwa kuti ndili bwino ndiwe wekha," anatero, "ndipo sungauze munthu."

"Sindingauze munthu," ndinayankha.

Anatambasula manja, ndinawathira madzi.