Pepala Lokulungira Buledi

Kaduwako ndinakapeza kuseri kwa thanthwe, kabuluu, kochepa kuposa chikhadabo changa. Aka kanali koyamba kukwera phiri chidwalireni, ndipo dzanja langa lamanja linali likunjenjemerabe. Mitambo inali itatseka dzuwa. Ndinagona chafufumimba pa ndere zonyowa, kamera nditaitsamiritsa pamwala, koma zithunzi zonse zinkangotuluka zakuda bii.

"Mayi, duwa limeneli mukulifunsira ukwati?" anatero amuna anga, a Torleif. "Ine njala yandipha kuno."

"Idyani, musandisokosere!"

Anakhala pansi n'kumasula buledi wawo wa tchizi chofiirira. Mwadzidzidzi kaduwa kaja kanawala, mpaka tiubweya ta paphesi pake tinaoneka. Linali pepala lonyezimira lomwe anakulungira buledi uja, likubweza kuwala kochepa komwe kunalipo.

"Musasunthe! Lipendeketseni pang'ono. Pomwepo!"

Bambo wa zaka makumi asanu ndi awiri anangouma ngati chitsa, pepala m'manja, buledi ali kukamwa. Ndinagwira mpweya, n'kudina batani.

Atachiona chithunzicho, anapinda pepala lija bwinobwino n'kuliika m'thumba la malaya.

"Simulitaya?" ndinafunsa.

"Nanga chaka chamawa tidzawalitsa ndi chiyani?"