Amake Injiniya ku Kalabu ya Masamu

"Fulumirani alamu, miyendo imeneyo ndi yobwereka?" anakuwa Amake Injiniya ali pamwamba pa masitepe a ku yunivesite, jumbo ya malalanje ili m'manja, thukuta lili kamukamu.

Atelala, mkazi wa mlongo wawo, ankakwera pang'onopang'ono atagwirira chitsulo cha m'mbali. Amake Injiniya anachita kuwazula pa makina osokera, diresi la mwini wake lili pakatikati.

Dzina lakuti Amake Injiniya anadzipatsa okha, mwana wawo wamwamuna asanamalize n'komwe chaka choyamba ku yunivesite. Ngakhale mnyamatayo dzina lake lenileni linafera pomwepo, aliyense ankangoti Injiniya. Atelala nawonso anali ndi mwana pasukulu yomweyo, wamkazi, wophunzira zomwezo. Anthu ankamutcha Kachisoti chifukwa cha chisoti cholimba chachikasu chimene ankavala popita kukaona zomangamanga. Koma ameneyo azakhali ake sankamuwerengera. Ankati mtsikana ndi simenti wapi ndi wapi.

Tsono mnyamata uja anauza mayi ake kuti Lachitatu lililonse azichedwa, ali ku kalabu yothandizana masamu. Kuthandizana kuli ndi mbali ziwiri, koma makutu a Amake Injiniya anatola mbali imodzi yokha. Pofika madzulo msika wonse, kuyambira pa benchi yawo ya nsapato mpaka kwa ogulitsa makala, unali utamva kuti mwana wawo tsopano akuphunzitsa mbuli za ku yunivesite.

"Mukaone nokha," anatero polowa m'khonde lalitali. "Mwina n'kumulembetsa wanuyo, msuweni wake azimukoka."

"Chabwino alamu," anayankha Atelala, maso ali pansi. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Chipindacho chinali kumapeto kwa khonde. Munkanunkha girisi ndi mawaya opserera. Pa shelefu panali mlatho wa timitengo, wothyoka pakati, ndi tiinjini tosasula tili mbwee. Ana asukulu anali atakhala m'mabenchi, ndipo kutsogolo kunali bolodi lodzaza ndi masamu aja olemba zilembo m'malo mwa manambala, ngati anthu anasowa chochita. Woimirira pabolodipo, cholembera chili m'manja, anali Kachisoti. Pa benchi yoyambirira penipeni panali Injiniya, atagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Iwe, ndakuuza kangati?" ankatero Kachisoti. "Mtanda uwu wautsamiritsa mbali imodzi. Kulemera konseko kukupita kuti? Mutu ngati dzungu! Bwera udzalembenso."

Jumbo inagwa. Malalanje anagubuduka mpaka kunsi kwa mabenchi.

"Ukumunena ndani dzungu?"

Chipinda chonse chinatembenuka. Injiniya anaimirira, n'kukhalanso, n'kuimiriranso.

"Amayi, mwabwera bwanji kuno?"

"Ndabwera pa miyendo! Iwe, pabolodi paja bwanji sunaimepo? Wapumula kaye?"

Mnyamata anayang'ana nsapato zake. Amene anayankha ndi Kachisoti, mwaulemu wake ndithu. "Azakhali, takulandirani. Kuno timathandiza amene mayeso sanawayendere bwino, kuti akalembenso."

"Sanamuyendere bwino ndani?"

Kumbuyo kwinakwake mnyamata wina anasekera m'malaya.

Amake Injiniya anatembenukira kwa Atelala, amene anali atangoima pakhomo manja ali kumbuyo ngati ali pamaliro.

"Mumadziwa inu!"

"Munandifunsa, alamu?"

"Mwandisiya ndikwere masitepe onsewa kuti mudzandiseke!"

"Ine ndinati ndili ndi diresi la eni ake. Mwandikoka ndinu."

Apa ndiye pakamwa pa Amake Injiniya panatseguka ngati mpopi wothyoka. Anati alamu awo ndi njoka yosokera pansi. Anati analowa m'banjamo ndi kachikwama kamodzi, opanda ngakhale supuni, mlongo wawo n'kuwatola ngati nsanza. Anati nzeru za Kachisoti si zake, m'banja la amake mulibe anafikapo ngakhale pakhomo la sekondale, ndiye zinachokera kuti ngati sanachite kumukokolola mwana wawo? Zonsezi pamaso pa ana a eni ake, ena atatulutsa kale mafoni.

Atelala anangotembenuka n'kuyamba kutsika masitepe. Kachisoti anavundikira cholembera chake.

"Anzanga, lero tathera pano," anatero, n'kutsatira mayi ake.

Kunyumba mnyamata anaulula zonse. Phunziro la masamu a zomangamanga analephera. Anamupatsa mwayi umodzi wolembanso mwezi ukatha. Akalepheranso, sukulu yatha, azibwerera kudzathandiza kupukuta nsapato pa benchi.

"Bwanji sunanene?"

"Ndikananena nthawi yanji, amayi? Inu mutauza kale dziko lonse?"

"Usandiyankhe! Uziwerenga pano, patebulo ili. Mabuku si omwewo? Kwa kamtsikana kaja usapondekonso."

Anawerengadi. Ankakhala patebulo kuyambira m'mawa, buku lili chitsegukire pa tsamba lomwelo, ntchentche n'kumaterapo osaiingitsa. Chakudya ankangochitosa. Anayamba kuonda, makolala a malaya n'kumakhwepa. Mayi ake akalowa ankatembenuza tsamba, akatuluka n'kulibweza.

Ataona choncho, Amake Injiniya anavala diresi lawo la kutchalitchi n'kubwerera ku yunivesite, nthawi ino okha. Anawalozera ku ofesi yothandiza ophunzira. Munali mayi wina wa magalasi, wolankhula mofatsa moti ukhoza kugona.

"Ndikufuna mumupatse mwana wanga womuphunzitsa wina. Wamwamuna. Wachilendo."

"Khalani pansi, mayi. Othandizawa ndi ana asukulu anzawo, amadzipereka okha. Nthawi ino ya mayeso aliyense ali ndi gulu lake lodzaza kale. Komanso pa phunziro limenelo tinali nawo atatu, mwana wanu anayesa onse. Anasankha yekha msuweni wakeyo."

"Bodza!"

"Mukamufunse. Ndipo tsopano vuto silili pamenepo. Mtsikanayo anabwera kudzanena kuti gulu apitiriza, koma mwana wanu sakumufunanso. Sitingamukakamize. Si wantchito wathu."

"Ndiye inu ntchito yanu pano ndi chiyani? Kukhala pa fani?"

"Ntchito yanga ndi kumva ana akamalira," anatero mayi wa magalasi, osakweza mawu. "Wanuyo wakhala pa mpando mwakhalapowo kangapo konse. Sanalire chifukwa cha masamu ayi."

Amake Injiniya anatuluka osatsanzika.

Atafika kunyumba anamupeza mwana ali pa tsamba lomwe lija.

"Akuti unasankha wekha."

"Eya."

"Anthu onsewo, iwe n'kusankha wokutukwana?"

"Enawo amandinyengerera, amayi. Ndikalakwa amati watsala pang'ono, wayesetsa. Ine n'kumatuluka ndili chimodzimodzi. Uja samandiopa. Akati ndalakwa amandilozera ndi chala pamene ndalakwirapo, n'kundibwereza mpaka ndimve. Chiyambireni sukulu ija, ndi iye yekha amene ndimamumva."

Ankalankhula maso ali pa buku. Kenako anati, "Musavutike. Benchi ya nsapato ija ndi yaikulu, tikwanapo awiri."

Mawu amenewo ndi amene anawabaya. Anatumiza uthenga kwa mlongo wawo, bambo ake a Kachisoti, dalaivala wa lole amene anthu ankamutcha Ndamva chifukwa pa mkangano uliwonse yankho lake linali lomwelo. Anabwera ndi ovolosi yake, n'kukhala m'mphepete mwa mpando.

"Achimwene, mwana wanu akuzunza mwana wanga."

"Ndamva."

"Mukamulamule. Si inu bambo m'nyumbamo?"

"Ndamva, achemwali. Koma kunyumbako chichokereni ku yunivesite kuja ine ndikudya ndekha, pakhonde. Akuti ndine amene ndinatola nsanza."

"Ndinangonena ndi mkwiyo. Mukawauze alamu kuti zatha."

Ndamva anapita, n'kubweranso mawa lake, chipewa akuchipotokola m'manja.

"Akuti pakamwa potukwana ndi pomwepo popepesa. Akuti simunanditume ine pokatukwana."

"Ine? Kukagwada kwa telala?"

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, achemwali," anatero Ndamva. Chibadwireni anali asanalankhulepo mawu ambiri chotero, ndipo atanena anadzidzimuka yekha n'kuthawira ku lole yake.

Masiku ankapita. Amake Injiniya anayesa mphunzitsi wina wopuma ntchito wa mumsewu mwawo. Bamboyo anatsegula buku, anavala magalasi, anavula, n'kunena kuti masamu a masiku ano ndi amwano. Anayesa kumupempherera mwana, kumugulira nsomba zimene amati zimatsegula mutu. Tsamba linali lomwelo. Ku msika anzawo anayamba kuwafunsa mwachifundo chonamizira, "Aphunzitsi athu ali bwanji?" chifukwa zimene anajambula ana aja zinali zitayenda m'mafoni.

Tsiku lina masana anapeza mnyamata akulongedza mabuku m'katoni.

"Ukupita nawo kuti?"

"Ndikukawapatsa ena. Ine ndagonja."

Amake Injiniya anavula epuloni.

"Nyamula katoniyo. Tiye."

Nyumba ya Atelala inali m'kanjira kopanikiza, makina ali pakhonde, nsalu zodula zili pansi. Atelala ankapalasa makina osadzutsa mutu. Azimayi awiri oyandikana nawo ankachapa pa mpopi, ndipo atangoona amene akubwera anasiya kuchapa, thovu lili m'manja.

"Odi, alamu."

Makina anapitiriza kulira.

"Alamu, ndati odi."

"Ndamva ngati amuna anga," anatero Atelala. "Mwabweretsa chosoka?"

Amake Injiniya anayang'ana denga, anayang'ana mpopi. "Katani yanu ya pawindoyi yasuluka," anatero.

"Ndi ya nsanza. Mwayendera zimenezo?"

Mnyamata anaika katoni pansi. "Amayi, tiyeni tizipita."

"Khala chete iwe!" Anasendera pafupi ndi makina, n'kutsitsa mawu mpaka kunong'ona. "Zija ndinalankhula zija, sizinali bwino."

Atelala anaimitsa makina. Anadula ulusi ndi mano, osafulumira.

"Makutu angawa awonongeka ndi phokoso la makina, alamu. Kuyunivesite kuja ndinakumvani bwinobwino chifukwa munakweza. Mukweze chimodzimodzi."

Azimayi a pa mpopi anasendeza mabeseni awo kufupi. Wina anaitana mnzake wa kuseri kwa mpanda.

Nkhope ya Amake Injiniya inachita kutupa. Mayi amene sanapepesepo ngakhale kwa malemu amuna awo, amene anakanganapo ndi wapolisi mpaka wapolisiyo kupepesa. Anatembenuka ngati akuchoka. Maso awo anagwera pa mwana, ataima pambali pa katoni, thalauza atalimanga ndi lamba woboola bowo latsopano.

"Ndinalakwa!" anakuwa, mpaka galu wa nyumba yachitatu anauwa. "Ndinakutukwanani popanda chifukwa! Simunabwere ngati nsanza! Nzeru za mwana wanu ndi zake! Pepani! Mwamva tsopano, kapena ndikwere padenga?"

"Ndamva," anatero Atelala, n'kuyambanso kupalasa makina.

Chitseko chinatseguka. Kachisoti anatuluka, maso ali ofiira. Sanawapatse moni azakhali ake. Anayang'ana msuweni wake kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Taona mmene waonderamu, ngati msomali. Masiku onsewa wafika tsamba liti?"

"Lomwe lija."

"Ndinadziwa. Nthawi yatsalayi ndi yochepa, sindikulonjeza kanthu. Mwina ukhoza, mwina ayi. Uzigona konkuno pa mphasa, kwanu uziwerenga chiyani ndi phokoso? Lowa."

Mnyamata ananyamula katoni n'kulowa. Chitseko chinatsekedwa. Amake Injiniya anayembekezera kuti wina awauza kuti alowe, kapena awapatsa mpando. Palibe anatero. Atelala ankasoka. Azimayi aja anabwerera ku zochapa zawo akukodolana ndi zigongono.

Amake Injiniya anakhala pa njerwa ya pansi pa windo, diresi atalipinda m'maondo. M'katimo munamveka mipando ikukokedwa, kenako mawu a mtsikana.

"Ayi! Wayambanso! Kulemerako kukupita kuti? Chitsiru iwe, fufuta, uyambirenso!"

Amake Injiniya anadzuka theka, pakamwa patatseguka kale. Atelala anaimitsa makina n'kuwayang'ana.

Amake Injiniya anakhalanso pa njerwa paja, n'kugwira pakamwa ndi dzanja.